Kirra Akonzera Dot Msewu

Uyu ndi Kirra. Kirra ndi mwana wanga. Ndi wamng'ono, koma mutu wake umagwira. Kirra amaweta nkhuku kuseri kwa nyumba yathu. Amazikonda zonse. Koma amakonda kwambiri Dot. Dot ndi kamsoti kofiira.

Tsiku lina Dot anakanika kubwerera m'khola. Kirra ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna Dot agone m'khola ndi anzake.

Unali mwezi wa Julayi. Kuno kwathu kumapiri, ku Adaminaby, Julayi sachita masewera. Kumazizira mpaka mano kugundana.

M'mawa kunawala bwino. Kirra anavala jombo. Anavala chipewa. Anatenga ketulo ya madzi ofunda. Madzi a nkhuku anali atauma gwa! Kirra anawaswa ndi mtengo. Anathira madzi ofunda. Kenako anatsekula khola. Nkhuku zinatuluka kukapalasa.

Masana kumwamba kunada. Sinowo, madzi oundana oyera ngati ufa, anayamba kugwa. Anagwa, anagwa, anagwa. Nkhuku zazikulu zinathamangira m'khola. Izo zimamudziwa sinowo. Koma Dot sankamudziwa. Iye anabadwa nthawi yotentha. Dot anachita mantha. Anathawira kunsi kwa shedi ya nkhuni.

Sinowo atasiya, pabwalo panali mbee! Mpanda mbee. Denga mbee. Galimoto yanga mbee.

Kirra anasuzumira m'khola.

"Ababa, Dot mulibemo!" anafuula.

Tinayamba kufunafuna. Ine, Kirra ndi mchimwene wake Lachie. Tinayang'ana kuseri kwa thanki. Kunalibe. Tinayang'ana pansi pa galimoto. Panalibe. Kirra anagwada pa shedi. Anasuzumira kunsi.

"Uyu ali kuno!"

Dot anali mkati, kumdima. Anafufuma nthenga ngati mpira. Anaima ndi mwendo umodzi. Mwendo wina anaubisa m'nthenga. Ankamva kuzizira.

"Chuku, chuku, chuku!" Kirra anaitana. "Bwera, Dot. Tiye kwathu."

Dot anasendera. Anafika pamphepete. Anayang'ana pansi poyerapo. Anatambasula phazi. Anakhudza sinowo pang'ono chabe. Kwee! Analibweza msanga phazilo. Anabwerera mkati.

Nkhuku zili choncho. Sizikonda kuponda sinowo. Ungazinyengerere bwanji, zimakana.

"Tadikira, ndimugwire," ndinatero.

Ndinagona pansi. Ndinapisa mkono. Mkono sunafike. Ndinayesa kukwawa. Ndinakanika.

Lachie anaseka. "Ababa, mimbayo singalowe!"

"Iwe, usandiyambe dala," ndinamuuza.

Lachie anathamanga. Anabwera ndi tsache. Analipisa kunsi kwa shedi. Dot anathawira mkati kwenikweni.

"Achimwene, siyani!" anatero Kirra. "Mukumuopseza."

"Kankhuku kakoka n'kopusa," anatero Lachie. "Khola lili apo. Bwanji osangoyenda?"

"Si kopusa. Kalibe jombo. Inu vulani jombo zanuzo. Mupondepo tione."

Lachie anayang'ana jombo zake. Anayang'ana sinowo. Sanavule. Anangoika tsache pansi.

Kirra anaona kanthu pafupi ndi mpanda. Anali mapazi ang'onoang'ono pa sinowo.

"Ababa, mapazi awa ndi a chiyani?"

Ine sindinamiza mwana. "Ndi a nkhandwe," ndinayankha.

"Ibweranso?"

"Dzuwa likalowa, ibweranso."

"Ingalowe kunsi kwa shedi?"

"Ingalowe, mwanawe."

Dzuwa linali litapendeka kale. Misozi inalengeza m'maso mwa Kirra. Inenso mtima unandipweteka. Koma Kirra sanalire. Anapukuta maso ndi chipewa. Ankayang'ana ku khola.

Pakhomo pa khola panali Mavis. Mavis ndi thadzi lalikulu lakuda. Ndiye mtsogoleri wa nkhuku zonse. Udzu wouma wa m'khola unali utatayikira panja. Mavis anaima pa udzuwo. Anayenda pang'ono. Pamene udzu unathera, Mavis anaima. Anatembenuka. Anabwerera.

Kirra anandikoka dzanja.

"Ababa, taonani Mavis! Pa udzu akuponda. Pa sinowo sakuponda."

"Eetu, ndaona."

"Ndiye timukonzere Dot msewu wa udzu. Ndithandizeni wilibala!"

Ha! Ine ndi ndevu zangazi sindinaganizeko zimenezo.

Tinadzaza wilibala ndi udzu wouma. Ine ndinkakankha. Kirra ankamwaza. Lachie ankapondaponda. Kankha, mwaza, ponda. Kankha, mwaza, ponda. Msewu unayambira ku khola. Unadutsa pa thanki. Unadutsa pa mtengo wa maapozi. Unatsala pang'ono kufika pa shedi.

Kenako udzu unatha.

"Mayo!" anatero Kirra. "Msewu sunafike."

Lachie anathamanga. Anabwera ndi thumba lopanda kanthu. Analiyala pansi. Koma panatsalabe malo oyera. Malo ake anali ochepa. Kwa Dot anali aakulu.

Kirra anayamba kumasula jekete lake.

"Ayi, mwanawe," ndinatero. "Udwala."

Ndinavula jekete langa. Linali latsopano, la nthenga mkati. Ndinaliyala pa sinowo. Mphepo inandilowa mpaka m'mafupa. Tsopano msewu unafika.

"Chuku, chuku, chuku!" Kirra anaitana.

Dot sanatuluke.

"Chuku, chuku, chuku!"

Kunsi kwa shedi kunali zii.

"Basi, zakanika," anatero Lachie.

"Sizinakanike," anatero Kirra. "Inu imani uko. Musachite phokoso."

Tinaima uko. Sitinachite phokoso. Ine ndinkangonjenjemera.

Kirra anatenga kachitini ka chimanga. Anapita ku khola. Anagwedeza kachitiniko. Mavis anatukula mutu. Kirra anawaza chimanga pa udzu. Mavis anajompha. Kirra anabwerera m'mbuyo. Anawazanso. Mavis anatsatira. Nkhuku zina zinatsatira Mavis. Zinayenda pamzere. Zinadutsa pa thanki. Zinadutsa pa mtengo wa maapozi. Zinafika pafupi ndi shedi.

Pamenepo Kirra anawaza chimanga chambiri. Nkhuku zinapalasa. Zinajompha. Zinalimbirana. Ko, ko, ko, ko!

Nkhuku ili ndi khalidwe limodzi. Siilola anzake adye, iyo ikuonerera.

Kamutu kofiira kanatulukira. Kanayang'ana uku. Kanayang'ana uko. Dot anatambasula phazi. Anaponda pa jekete langa. Panali pofewa. Panali pofunda. Anapondanso phazi lina.

Kirra anagwira pakamwa. Lachie anagwira pakamwa. Ine ndinasiya kupuma.

Dot anaima pakati pa jekete. Anakutumula nthenga. Anagwedeza mchira. Kenako anasiyapo chitosi chachikulu.

Lachie anagwa chagada ndi kuseka.

"Ababa, wakulipirani!"

"Khala chete iwe, ubweza nkhuku!" ndinanong'ona.

Dot anatsika pa jekete. Anadutsa pa thumba. Anafika pa udzu. Anajompha chimanga chimodzi. Anajompha china. Anali pakati pa anzake.

Kirra anagwedezanso kachitini. Anayenda pang'onopang'ono kulowera ku khola. Mavis anatsatira Kirra. Nkhuku zina zinatsatira Mavis. Dot anali pambuyo penipeni. Ankayenda mutu uli m'mwamba. Palibe inaponda sinowo.

Zonse zinalowa m'khola. Kirra anazipatsa chimanga china. Nkhuku ikagona yokhuta, imafunda. Kawindo kapamwamba anakasiya kotsekula. Nkhuku zimafuna mpweya, ngakhale kuzizire. Dot anakwera pa mtengo wogonapo. Anakhala pambali pa Mavis. Anabisa mapazi onse m'nthenga.

Kirra anatseka chitseko. Anakhoma bwinobwino. Anachikoka kuti aone. Sichinatseguke.

"Nkhandwe ikagwire kwina," anatero.

Tinalowa m'nyumba. Amayi ake a Kirra anali ataphika supu wa maungu. Anandiyang'ana. Anayang'ana jekete m'manja mwanga.

"Bambo a Lachie, jekete latsopano lija ndi limeneli?"

"Ndi lomweli," ndinayankha. "Lagwira ntchito yaikulu lero."

"Ndiye mulichapa nokha."

"Ndilichapa. Koma poyamba imvani zimene wachita mwana wanuyu."

Ndinafotokoza zonse. Lachie anawonjezera za chitosi. Amayi ake anaseka mpaka misozi. Anamukumbatira Kirra.

"Mwana wanga wanzeru!" anatero.

"Achimwene anabweretsa thumba," anatero Kirra.

Lachie anakanda m'mutu. "Kankhuku kako si kopusa," anatero. "Mwini wakenso si wopusa."

Ine mphuno inali itafiira psuu. Zala zinali zitauma. Koma ndinanyada kwambiri. Ndinanyada ndi mwana wanga, ndipo ndinamuuza.

"Kirra, lero wandinyaditsa."

Kirra anamwa supu wake. Ananyambita supuni. Anandiyang'ana.

"Ababa, mawa tikagule udzu wambiri."

"Chifukwa chiyani, mwanawe?"

"Chifukwa sinowo agwanso. Ndipo jekete muli nalo limodzi lokha."