Mawu a Bambo Amachedwa

Chidwalire bambo, galaja inali m'manja mwa mwana wawo wachisamba, mtsikana amene makasitomala ankangomutchula kuti Sipanala. Bambowo ankakhala pampando pafupi ndi khomo, dzanja lamanja lili lende, ndipo liwu limodzi linkawavuta kutulutsa ngati kumasula nati yadzimbiri pa bawuti.

M'mawa wina kunabwera mlimi pa lole yokoka ngolo yonyamulira ng'ombe. Ankafuna kuikitsa kabokosi kolamulira mabuleki a ngoloyo.

"Koma mwana iwe, uzitha zimenezi?" anafunsa mlimiyo.

"Pochoka pano muzinditi abwana," Sipanala anayankha akuseka.

Anamangirira kabokosiko pansi pa chiwongolero n'kulumikiza mawaya onse anayi mwaukhondo. Poyesa pabwalo, matayala a ngolo yopanda kanthuyo anagwira mopyola muyeso mpaka kukwekwereza fumbi. Iye anapotokola kabatani, kutsitsa mphamvu kufika pa nambala 2, ngolo n'kumaima bwinobwino.

"Mwa... mwanangu... ngolo..." bambo anayamba, milomo ikunjenjemera.

"Ndamanga zonse, bambo. Pumulani."

Anawapukuta malovu pachibwano osawayang'ana m'maso, n'kuthamangira kukatsanzikana ndi mlimi uja.

Masana kunagwa mvula yowaza. Ikukata, mlimi anatulukira wapansi, matope mpaka m'mawondo. Sanakalipe, ndipo zimenezo n'zimene zinapweteka kwambiri.

"Pamtsetse paja ngolo imandikankha ngati ilibe mabuleki," anatero motsitsa mawu. "Ng'ombe zinayi, mwanawe. Tinakaimira m'ngalande. Yamkaka ija, imene imamwetsa adzukulu anga, yathyoka mwendo. Anthu aipha kale."

Anayang'ana bambo aja, napukusa mutu, n'kubwerera momwe anadzera.

Madzi akudontha padenga, Sipanala anabwereza m'mutu ntchito yonse ija. Mawaya anawalumikiza bwino, zimenezo sankakayika. Kenako anakakhala pansi, pasimenti yamafuta, pafupi ndi mapazi a bambo ake.

"Bambo, m'mawa muja mumati chiyani?"

Milomo ija inayambanso kulimbana. Mtsikanayo anafunitsitsa kuwamalizira, koma anadziluma lilime.

"Ngolo... ikalemera... nambala... uzikweza. Uziyesa... ili... ndi katundu."

Misozi inadontha pa ovolosi yake. "Pali chinanso, bambo?"

Bambo anavomera ndi mutu, napuma, nayamba kufunafuna liwu lina. Kunja galimoto ina inaliza hutala kawiri, katatu. Sipanala sanacheuke n'komwe. Anagwira dzanja lakufa lija n'kudikira.