Njira ya ku Manda a Rosita

Komputadori idayamba kudzuka yokha patangopita masiku awiri chiikireni maliro a Anselmo.

Zeferina, mkazi wa malemuyo, adali atagona pamphasa pabalaza pamodzi ndi amayi awiri a mumphakati amene ankabwera kudzamugoneka. Udali mwezi wa Junyu, ndipo kuzizira kwa ku Fonte Boa mukukudziwa, kumalowa mpaka m'mafupa. Atambala asadalire, kuchipinda chaching'ono kumene mwamuna wake ankalembera kudamveka kaphokoso, tswii! Kenako mpweya, fuuu, wautali, ngati munthu wopuma movutikira. Kuwala kotuwa kudatulukira kunsi kwa chitseko n'kuyala pansi mpaka kukhudza m'mphepete mwa mphasa.

"Mwaona?" adanong'ona mayi mmodzi.

"Fundani, mayi, musayang'ane," adayankha mnzakeyo.

Zeferina adangoyang'anitsitsa kuwalako. Mantha adali nawo, inde, koma chimene chidamuumitsa pamphasapo chidali china. M'makina amenewo mudali njira ya ku manda a mwana wake.

Rosita adali mwana wawo woyamba. Nthawi ya nkhondo, atathawira ku Malawi mbali ya Dedza, mwanayo adadwala chikuku ali ndi zaka ziwiri. Adamwalira sabata yomwe Zeferina adali kuchipatala, moyo uli pakaulusi, akubereka Edilson. Anselmo adakapempha malo pamanda a mudzi wina wa eni ake, n'kumuika mwanayo ndi anthu anayi okha. Mayi wake sadawaonepo mandawo. Atabwerera kwawo mu 1993, chaka ndi chaka ankati, "Bambo, mukandionetse pamene mudagoneka mwana wanga." Chaka ndi chaka Anselmo ankayang'ana kumbali n'kuti, "Tikakolola." Adakolola kachewere zaka makumi atatu! Munthu woti adali pulofesori, mphunzitsi woyankhula tsiku lonse pamaso pa ana a eni, koma pa nkhani imodzi iyi lilime linkamuuma gwa.

Matenda a pakhosi atamufooketsa, tsiku lina adadzitsekera m'kachipinda kaja masana onse. Potuluka adati, "Make Rosita, kukuperekeza ndalephera. Koma njira yonse ndaiyankhula m'komputadorimu: pokhotera, dzina la mudzi, ndi mtengo umene ndidabzala kumutu. Ndikapita ukamvere."

"Pita uko si kuyenda," adayankha Zeferina mokwiya. "Muchira, tipitira limodzi."

Sadamvere mawuwo mwamuna wake ali moyo, chifukwa kumvera kukadakhala kuvomera kuti akupitadi. Ndipo dzina lakuti Make Rosita padalibenso wina womuitana nalo. Mudzi wonse unkati amake Edilson.

Tsono Edilson, amene tsopano ndi bambo wa ana atatu, woyendetsa malole ku Tete, adabwera kumaliro. Mawa lake la maliro adayatsa komputadori kuti apeze chithunzi cha bambo ake. Makinawo adapempha atuwalizasawu, kutanthauza kuti sistema yakale ichoke, ilowe yatsopano. Mwana wa eni, maso ali otupa ndi kulira, adangodina inde, inde, inde, osawerenga n'komwe. Zidazungulira madzulo onse, ndipo m'mamawa iye adakwera shapa, minibasi ya kuno, kubwerera kuntchito. Za mawu a bambo ake sankadziwa kalikonse.

Kutacha usiku wa kuwala kuja, Zeferina adalowa m'kachipindamo n'kugwedeza rato, kambewa ka komputadori kaja, monga ankachitira mwamuna wake. Kalanga ine! Pagalasi pankakhala chithunzi cha iwo awiri ali m'munda wa kachewere. Tsopano padali mapiri achilendo, oyera mbee, opanda munthu. Dzina la Anselmo padalibe. Timapasita tachikasu timene tinkadzaza galasilo, momwe ankasungamo zolemba zake, tidali titasesedwa tonse ngati bwalo la patchalitchi.

Adaimbira Edilson.

"Mama, ndi atuwalizasawu chabe, musaope. Zimitsani, muyatsenso."

Adazimitsa, adayatsanso. Mapiri omwe aja.

"Zinthu za bambo ako sizikuoneka, Edilson."

"Zilimo, Mama, sizingapite kwina. Ndikabwera pa misa ya mwezi ndidzaziona."

Zeferina adatsegula pakamwa kuti amuuze, n'kutsekanso. Ungamuuze bwanji mwana kuti wasesa manda a mlongo wake, yemwe adamwalira sabata imene iye adabadwa?

Usiku wachiwiri makinawo adadzukanso, nthawi yomweyo, mpweya womwewo. Amayi awiri aja adakhala tsonga mpaka kucha akuwerenga kolona, ndipo kutacha adapinda zofunda zawo n'kunena kuti kunyumba ana akudwala. Podzafika masana nkhani idali itafika pamjigo. Ena ankati pulofesori akubwera kudzamaliza kuchonga mayeso. Ena ankati adafa ndi mawu kukhosi. Padalinso wina, pakamwa ngati pa chule, amene adati mkaziyo alipo chimene akudziwa.

Usiku wachitatu adagona yekha. Kunja chifunga chidali chitaphimba mpaka mitengo ya mapichesi, agalu a kumishoni ali zii. Tswii! Fuuu. Kuwala kudayala pansi. Ulendo uno Zeferina adadzuka, adafunda kapulana, n'kukankha chitseko. Mpando wa mwamuna wake udali pomwe adausiya, jekete lake lili pamsana pa mpandowo. Pagalasi padali timadontho tozungulira, tozungulira, osaima.

Kenako adamva.

"Make Rosita."

Adali mawu omwewo, osasa, a miyezi yomaliza.

"Ukawoloka malire pa Kalomwe usakwere galimoto. Uyende pansi. Ukafika pa mjigo wachiwiri ukhotere kumanzere. Mudziwo amautcha..."

Apo mawuwo adasanduka chifuwa. Chidali chifuwa chija chimene adachimvera miyezi isanu ndi itatu, chokoka kuchokera pansi pa mimba, chimene ankachithamangira ndi beseni. Chidapitirira, chidapitirira. Zeferina sadaganize. Adangopezeka wagwada pansi pa tebulo, chingwe cha magetsi chili m'manja, wachizula kukhoma. Mdima udagwa bii, ndipo chifuwa chidaleka.

Adakhala pansi pomwepo mpaka kucha, chingwe chili m'manja, akulira ngati maliro angochitika kumene.

M'mawa adafika a Serafim, akulu ake a Anselmo, atamva za pamjigo. Adaima pakhomo pa kachipindako, osalowa.

"Alamu, katundu wa womwalira sagwiridwa abale asadakhale pansi. Mwana uja adalakwa kugwiragwira zinthu dothi la pamanda lisadaume. Munthu tidamugoneka, inu mukumudzutsa. Chikulungeni chimenechi, chikhale mpaka misa ya mwezi."

A Serafim sadali munthu wankhanza ayi, ankanena zimene adazipeza. Ndipo Zeferina, tinene zoona, mtima udakhala pansi atamva lamulolo, chifukwa chifuwa chija adali asadakonzeke kuchimvanso. Adaikulunga komputadoriyo m'kapulana yakuda n'kuikweza pamwamba pa kabati. Mumtima adati, mawuwo alimo, ndawamva ndekha, andidikira.

Mwezi wonse m'nyumbamo mudali bata. Anthu a pamjigo adapeza nkhani zina. Koma iye akamasenda nyemba, akamatunga madzi, milomo inkangoyenda yokha: mjigo wachiwiri, kumanzere, mudziwo amautcha.

Misa ya mwezi itatha, abale adakhala pansi, a Serafim n'kumasula katundu. Madzulo ake Zeferina adamuuza Edilson zonse, kupatula za mawu a usiku uja. Edilson adagwira kumutu. Adatsitsa makinawo msangamsanga, adalumikiza zingwe, adafufuza apa ndi apo mpaka maso kufiira, osapeza kanthu.

"Tiisiye yoyaka, Mama, mwina ikumalizitsa zake. Mawa tipite nayo kwa tekiniko ku Ulongwe."

Usiku umenewo makinawo sadagone. M'kati mwake munkamveka kukanda, kerekete kerekete, ngati khoswe m'nkhokwe, kanyali kofiira kakuphethira osaleka. Zeferina adakokera mpando pafupi, mtima uli m'mwamba. Ankati mwamuna wake akubwera, akufunafuna pomwe adalekezera. Adadikira mpaka kunja kudayera. Kukandako kudaleka, ndipo palibe adayankhula.

Tekinikoyo, Dário, adali ndi kashopu kuseri kwa msika, kodzaza makina otsegula mimba. Adamvetsera nkhani yonse akulumikiza zingwe, kenako adayamba kuwerenga zimene makinawo amalemba okha za ntchito yawo.

"Zodzuka usikuzo si zachilendo, amayi. Onani apa. Tsiku lililonse nthawi imodzimodzi inkadzidzutsa kuti imalize atuwalizasawu. Anthu ambiri athawa m'nyumba chifukwa cha zimenezi." Adaseka pang'ono, koma ataona nkhope zawo adaleka.

"Nanga zinthu za bambo?" adafunsa Edilson.

"Mudasankha kuti iyambe mwatsopano, achimwene. Zikatero zakale sizitayika pomwepo. Imazisunga m'pasita ina yobisika kwa masiku khumi, kuti munthu akasintha maganizo abwerere." Dário adadina, adadinanso. "Mudaiyatsa liti komaliza?"

"Dzulo madzulo. Yagona yoyaka."

Dário adapukusa mutu pang'onopang'ono. "Mwezi wonse zidalimo. Chozimitsa sichitaya kanthu. Koma dzulo itayaka idaona kuti masiku khumi adapita kalekale, ndiye idayamba kusesa. Mukadabwera nayo chikulungire m'kapulanamo, ndikadachotsa disiko n'kukutulutsirani zonse."

"Kukanda kuja," adatero Zeferina. "Kumene ndidakhala ndikumvera usiku wonse."

"Idali ikufufuta, amayi. Pepani."

Edilson adatuluka panja. Kudzera pazenera mayi wake adamuona atatsamira khoma, mapewa akugwedezeka.

Dário sadagonje msanga. Adayesa pulogalamu yofukula zofufutidwa, ndipo dzuwa litapendeka adapeza dzina lokha: Make Rosita, mphindi khumi ndi imodzi. M'kati mwake mudali mutalembedwa kale zina, moti sichidatseguke.

"Mphindi khumi ndi imodzi," adatero Zeferina. "Ine ndidamvako poyambira pokha. Adafika pa dzina la mudzi, n'kuyamba kutsokomola, ine n'kuzula chingwe."

"Mudamva liti? Iwo akujambula?"

"Ayi. Usiku wachitatu, makinawa atadzuka okha."

Dário adamuyang'ana, kenako adayang'ana pagalasi. Adaloza pakona, pomwe padali kachizindikiro kofiira.

"Amayi, chilowereni sistema yatsopanoyi makinawa alibe mawu. Kapulogalamu koyendetsa mawu kadatayika tsiku lomwelo la atuwalizasawu. Taonani." Adatsegula nyimbo, n'kukweza mpaka kumapeto. Mzere unkayenda pagalasi, koma m'shopumo mudali zii, kumangomveka mahutala a njinga zamoto kumsika. "Ngakhale kulira kwa tswii kuja kumachokera m'kati mwa bokosi, osati m'masipika. Masipikawa sakadayankhula."

"Adandiitana dzina langa," adatero Zeferina.

Dário adatembenukira ku makinawo. Adapukuta manja pathalauza, ngakhale adali ouma, n'kuyamba kukonza zimene akadatha. Adabwezeretsa mawu, nyimbo ija idaphulika mwadzidzidzi mpaka onse awiri adadzidzimuka. Pomaliza, pofuna kuti mayiyo apite ndi kanthu kabwino m'manja, adati, "Vuto lodzuka usiku lija ndalichotsanso. Tsopano izigona mpaka mutaidzutsa nokha. Muzigona mwamtendere."

Zeferina adamugwira dzanja.

"Mulibwezere."

"Amayi?"

"Vuto limenelo mulibwezere, mwanangu. Zina zonse mwakonza bwino, zikomo. Koma limenelo ndikulifuna."

Dário adayang'ana kwa Edilson, amene adali atabwerera n'kuima pakhomo. Edilson adagwedeza mutu kuvomera. Tekinikoyo adakhala pansi n'kulibwezera, nthawi yake yomwe ija.

Mwezi wotsatira mayi ndi mwana adawoloka pa Kalomwe, adadutsa osintha ndalama ndi anjinga onyamula matumba, n'kuyenda pansi monga adanenera malemu. Koma kodi mjigo wachiwiri ndi uti? Adawerenga mijigo isanu ndi inayi, ina yatsopano, ina yakufa, ndipo kumanzere kwa uliwonse kudali njira ndi mudzi. Akuluakulu amene adafunsidwa adati ana a othawa nkhondo adaikidwa ambiri zaka zimenezo, ndipo amene ankapereka malo adatsogola kale. Adabwerera madzulo ndi maluwa awo m'manja.

Edilson amaimba foni Lamulungu lililonse tsopano, ndipo sathetsa foniyo asadapepese. Mayi wake amamuuza kuti asiye, chingwe adazula ndi iye mwini, osati mwanayo.

Mpaka lero, mukadutsa njira ya kumishoni atambala asadalire, mudzaona kuwala kotuwa pazenera la kachipinda kaja. Anthu adazolowera, sanenanso kanthu. Zeferina amakhala atadzuka kale, atafunda jekete la mwamuna wake, kaderino, buku lolembamo, ndi lapisi, cholembera chake, zili pamiyendo. Patsamba loyamba pali mizere iwiri ndi theka, ndipo theka lija limathera pa mawu akuti amautcha. Chingwe cha magetsi adachimanga kukhoma ndi waya kuti dzanja lisadzachitenso zake.

Tswii! Fuuu.

"Ndabwera, bambo," amanong'ona. "Tsokomolani mpaka mumalize, ndidikira. Sindizimitsanso."

Makinawo amapuma kanthawi, timadontho tikuzungulira pagalasi. Kenako amagonanso.