Zimene Atelala Anabisa M'malaya

Mzime atafika kushopu ya bambo ake pochokera kusukulu, anapeza makina osokera ali zii, nsalu ili lende pa singano. Pa benchi panali mayi wina atakwinya nkhope, akugwedeza phazi.

"Kodi atelala akowa amasoka kapena amalondera chimbudzi?" anafunsa mayiyo. "Chifikireni pano atuluka katatu."

Mtsikanayo, yemwe ankatchedwa Mzime poti anali womaliza kubadwa, anatula mabuku ake pa tebulo. Posakhalitsa bambo ake analowa akugwirira khoma, milomo itauma gwa. Potambasula dzanja kuti atenge tepi, mkono wa malaya unakwera, zidzolo zofiira zinaonekera mpaka m'chigongono. Mayi uja anadzambatuka n'kuzula nsalu yake pamakina.

"Mukufuna mundipatsire zimenezo? Ndikasoketsa kwina!"

"Sizopatsirana, mayi!" Mzime anakuwa, koma mayiyo anali atafika kale pamsewu.

Bambo ake ankadwala khansa ya impso. Pakatha milungu itatu iliyonse ankapita kuchipatala kukalandira diripi ya mankhwala odzutsa chitetezo cha m'thupi kuti chizilimbana ndi khansayo. Chotupa chinali chitayamba kuphwa, ndipo mitima pakhomo inakhalako pansi. Koma adokotala anachenjezeratu kuti chitetezo chikadzutsidwa, nthawi zina chimalusira ndi thupi lomwe. Anati akaona chachilendo chilichonse, anene msanga.

"Lero kangati, Bambo?" anafunsa Mzime.

"Mwana safunsa bambo ake zakuchimbudzi."

"Dzulo kanali kasanu ndi katatu. Ndinawerenga. Mawa ndi tsiku la diripi, mukawauze adokotala."

Bambo ake anamenya tebulo mpaka sizasi inadumpha. "Ndikawauze kuti andiimitse mankhwala? Mnzanga wina anadandaula za m'mimba, basi anamuimitsa. Diripi imeneyi ndiye moyo wanga. Ndipirira, ndine mwamuna. Ndipo iwe mawa ukakhale duu, wamva?"

Mtima wa Mzime unawira. Anakwiyira khansa, anakwiyira mankhwala, anakwiyira mayi wansalu uja. Koma woyamba pamzere anali bambo ake omwewo, amene ankamulalatira akangobisa ngakhale kachilonda ka pachala.

Mayi ake anali atakanizidwa kale kujomba kuntchito, choncho m'mawa mwake Mzime ndiye anaperekeza wodwala. M'chipinda cholandirira mankhwala munali mipando isanu ndi umodzi, uliwonse ndi chitsulo chopachikapo diripi. Kunja kunkatentha, koma bambo ake anavala malaya aatali manja, atamanga mabatani mpaka m'khosi. Nesi anabwera ndi pepala la mafunso.

"M'mimba muli bwanji, bambo?"

"Mwakemwake."

"Khungu silikuyabwa?"

"Olo pang'ono. Ndili ngati mnyamata wa zaka makumi awiri."

Nesi anaseka n'kutenga thumba la diripi kuti alipachike. Mzime anayang'ana thumbalo, kenaka zala za bambo ake zomwe zinkakanda ntchafu mobisa.

"Akunama!"

Odwala ena anatembenuka.

"Akutsegula m'mimba sabata yonse," anapitiriza Mzime. "Dzana munali magazi, ndinaona potsuka chimbudzi. Pindani malayawo muone!"

"Iwe!" bambo ake anabangula. "Ukunditukwana pagulu? Ndine wabodza ine? Tuluka muno!"

"Sindituluka! Mukufuna mufe mwaulemu, ife titsale tikuwomba m'manja kuti Bambo anali wopirira?"

Nesi anabweza thumba lija pa tebulo n'kukaitana dokotala, mayi wamfupi wa magalasi. Dokotalayo anapinda yekha malaya aja n'kupukusa mutu. Atawadina pamimba, bambo a Mzime anabuula osafuna. Anawatenga magazi, anawaunika, ndipo masana dokotala anabwera ndi zotsatira.

"Matumbo atupa kwambiri. Chitetezo chanu chikuwaluma ngati mdani. Tikanakupatsani diripi lero, akanatha kubooka. Mukananena tsiku lachiwiri, mwina mukanabwerera kwanu ndi mapiritsi. Pano tikugonekani, ndipo diripi tayamba taimitsa."

"Mpaka liti?"

"Sindikulonjezani kanthu. Tiona matumbo akachira."

Bambo ake anamuyang'ana Mzime ndi diso lofiira. "Wamva? Wakondwa tsopano?"

Kwa masiku atatu sanamulankhule. Mzime akalowa m'wodi, iwo ankatembenukira kukhoma. Nayenso Mzime sanafune kunyengerera munthu. Ankaponya chikwama cha zovala pa bedi, kukhala pampando n'kutsegula buku la masamu, ngakhale kuti manambala sankalowa m'mutu. "Munthu ukamuvuula m'madzi, akutukwane kuti wamung'ambira malaya," anadandaulira mayi ake. Mayi akewo anangomusisita pamsana.

Tsiku lachinayi Mzime anapeza bambo ake atakhala tsonga, milomo itayamba kufewa. Anaponya chikwama monga mwa masiku onse n'kukhala pansi osapereka moni.

"Mzime, uli ndi cholembera?"

"Chilipo."

"Adokotala abwera masana. Ine ndimaiwala dala, ndiye ulembe iweyo. Lero kawiri basi. Kuyabwa kwachepa. Koma mawondo akuphwanya kuyambira Lolemba, ndipo ndikakwera masitepe ndimabanika."

Mzime anasiya kulemba. "Kubanika? Chimenechonso munabisa?"

"Si ndikunena pano? Usandikalipire, lemba."

Analemba mokanikiza mpaka cholembera chinaboola pepala. "Chinanso?"

Bambo ake anayang'ana manja awo, manja amene ankalowetsa ulusi m'singano osaphonya.

"Chilipo. Ndili ndi mantha, mwana wanga. Kuyambira tsiku limene anatchula dzina la matendawa, ndili ndi mantha. Diripi ija akapanda kuiyambiranso, sindikudziwa."

Mzime anayang'ana pepala lija. Ukali umene anausenza masiku onsewo unamuthera m'manja, anasowa poutula.

"Chimenechonso mukawauze adokotala," anatero motsitsa mawu.

"Ndiwauza. Koma iwe ukhale pompano."

Mzime anatseka buku la masamu n'kukokera mpando wake pafupi ndi bedi.