Milamba ya pa Chipata

Chaka chimene boma linasamutsa midzi ya tsidya la Luangwa kuti kukhale malo a nyama zokhazokha, anthu anawoloka ndi mbuzi, nkhuku ndi mitondo yawo, koma agalu ambiri anatsala. Ena anasambira kulondola eni ake n'kuwasowa. Ankangoyendayenda ku Nsefu nthiti zili pamtunda, mpaka agemu, alonda a nyama aja, analamulidwa kuombera galu aliyense wopanda mwini.

Amene anakana ndi Martina, mkazi wamasiye wa mmodzi wa agemuwo. Mayiyu anali wouma mutu zedi. Anakhala pakhomo pa ofesi ya bwana wa agemu masiku atatu, mpaka bwanayo anatopa naye n'kumulola kumanga khola la mitengo ya tsanya kuseri kwa kampu. Wopeza galu wosokera ankabwera naye pamenepo, wofuna galu ankadzatenga. Koma bwanayo anaika lamulo limodzi: galu mmodzi yekha wa m'kholamo akadzaoneka tsidya, onse adzafa tsiku lomwelo. Ndipo woombera wake anali Benson, mng'ono wa malemu mwamuna wa Martina.

Agalu analipo khumi ndi anayi. Martina ankawawerenga madzulo aliwonse, mtima uli m'mwamba.

Kuchigwako galu satengedwa ulele. Wofuna galu amasiya kanthu, nkhuku kaya fodya, ndipo woweta akangolandira, galu wapita, palibenso zokambirana. Martina ankazidziwa izi kuyambira ali mwana. Koma njala imaiwalitsa. Mwezi wa Okutobala umenewo madeya anali atatsala pansi pa thumba, ndipo agalu ankangomuyang'ana m'maso. Ndiye atapeza phukusi la milamba yowamba litapachikidwa pa chipata cha khola madzulo ena, anangoti ndi msodzi wachifundo. Luzi lomangira linali lonyowa, pamene kunja konse kunali gwa ndi dzuwa, koma sanalabadire. Ananyenyera nsombazo m'phala, agalu onse n'kudya mpaka kunyambita mbale.

Benson anadutsa dzuwa likulowa, mfuti ili paphewa.

"Mwaswera bwanji, alamu? Nsomba zikununkhirazi mwazitenga kuti?"

"Ndazipeza pa chipata."

"Wasiya ndani?"

"Sindikudziwa."

"Ndiye simunafunse kuti akufuna galu uti?" Benson anapukusa mutu. "Ine ndikupita ku patrolo. Ndibwera sikisi koloko m'mawa. Ndiwapeze fotini, alamu. Musandipatse ntchito imene sindikuifuna."

Apa m'pamene Martina anachita mantha. Analowa m'nyumba koma tulo sitinabwere.

Chimene chinamudzutsa pamphasa si phokoso ayi. Ndi chete. Agalu amenewo ankauwa chilichonse, fisi akalira, mvuu ikatuluka, ngakhale chipatso chikagwa mumtengo. Usiku umenewo kunali zii. Kenaka kuchokera kumtsinje kunamveka likhweru. Kawiri, mofupika. Patapita kanthawi linamvekanso, tsopano pafupi.

Anayatsa nyali ya koloboyi n'kutuluka. Agalu onse anali ataimirira, mitu kuloza ku chipata, michira ikugwedezeka pang'onopang'ono. Palibe anamucheukira. Panja pa chipata panaima bambo wamtali, wofunda bulangeti lakale. Kuwala kwa nyali kunkalekeza pachifuwa. Miyendo yake inali ndi matope mpaka m'mawondo, madzi akudontha.

"Odi, mayi," anatero bamboyo. Mawu ake anali aulemu, otopa.

"Ndinu ndani usiku uno?"

"Ndabwerera galu. Mwalandira kale."

"Wanu ndi uti?"

"Amene wadya."

Martina anacheukira agalu ake. Akanangokhala chete mwina zikanakhala bwino, koma mayiyu bodza sankalidziwa. "Adya onse," anatero.

"Zikomo. Ndiye onse."

"Ayi, bambo, chonde. Sindinadziwe. Mawa ndikubwezerani nsomba zanu, ndiwonjezerapo ndi nkhuku. Mukupita nawo kuti?"

Bamboyo anatukula mkono n'kuloza tsidya, kumene kunali mdima wokhawokha.

"Akawoloka awapha!" Martina anayamba kulira. "Mlamu wanga yemwe ndiye awaphe. Ndipo tsidya kulibenso mudzi. Anthu onse anasamuka."

"Si tonse tinasamuka, mayi. Anatisiya. Fisi akutikumba usiku uliwonse, ndipo palibe wouwa."

Martina anazindikira amene ankalankhula naye. Sanathawe. Anatula nyali pansi, n'kukhala motsamira chipata, chingwe chotsekera n'kuchikulunga padzanja lake. Bamboyo anali pafupi kwambiri moti ankamva fungo lake, fungo la dothi longokumbidwa kumene.

"Sinditsegula," anatero, maso ali pansi.

Madzi ankangodontha, tho, tho. Mafuta a nyali anatha, moto n'kuzima. Likhweru linamvekanso, kawiri, koma tsopano likulowera kumtsinje. Kumbuyo kwake Martina ankamva agalu ake akupuma, mpweya wofunda ukumufika pakhosi kudzera m'mipata ya mitengo. Anayamba kuwatchula maina mmodzimmodzi, monong'ona, n'kumabwerezabwereza. Mpaka imfa yake ankalumbira kuti sanagone ngakhale pang'ono.

Kutayera, chingwe chinali padzanja pake pomwepo. Chipata chinali chotseka. Mitengo yonse inali chilili, pansi popanda pokumbidwa. M'kholamo munalibe galu ngakhale mmodzi.

Benson anamupeza ali chikhalire. Anasuzumira m'khola, n'kutsata mapazi a agalu mumchenga mpaka pamadzi. Tsidya mapaziwo ankaoneka bwino akukwera gombe. Analowetsa zipolopolo mumfuti, n'kukankha bwato.

Martina anakhala pagombe, manja atatseka makutu. Ankadziwa kuti ngakhale atseke chotani adzamva, ndipo adzawerenga mpaka khumi ndi zinayi. Dzuwa linakwera. Mchenga unayamba kutentha. Mfuti sinalire.

Benson anabwerako dzuwa lili paliwombo, milomo itayera ngati wodwala malungo. Anakhala pansi patali pang'ono ndi mlamu wakeyo, mfuti n'kuigoneka pamchenga.

"Ndawapeza," anatero. "Ali kumanda a mudzi wakale uja. Aliyense wagona pamtumbira wake. Ndaitana, sanatukule ndi mutu womwe."

"Bwanji simunaombere?"

"Lamulo likunena za agalu opanda mwini, alamu. Kwa bwana ndikanena kuti sindinaone kanthu. Inunso musadzawoloke."

Martina anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Chisoni chinamugwira kuposa mantha. "Nanga adzadya chiyani kumeneko?"

Benson anayang'ana tsidya nthawi yaitali.

"Pamtumbira uliwonse pali mbale," anatero. "Phala lake linali likufuka nthunzi."

Anthu a ku Nsefu sankaikamba mokweza nkhaniyi. Ankangonong'onezana kuti amene anasamutsa amoyo anaiwala kufunsa akufa. Martina sanawaonenso agalu ake, koma usiku wina uliwonse ankawamva akuuwa tsidya, ndipo ankatha kusiyanitsa mawu a aliyense.