Lamba Wakuda wa Amayi Maria

Nayeli ankatsuka makoko a chimanga limodzilimodzi, kuwasalaza ndi chala, n'kuwayala pathebulo kuti akulungiremo matamale, chakudya cha ufa wa chimanga chophikira m'makoko. Ntchitoyo inali yaing'ono, koma ankaizengereza dala, chifukwa makutu ake anali pakhomo pomwe mayi ake ankayankhula ndi Mayi Refugio.

Chaka chilichonse, chikondwerero cha mu Disembala chikamayandikira, chithunzi cha Amayi Maria a ku Guadalupe chinkayenda nyumba ndi nyumba mumsewu wawo. Chikalowa m'nyumba, anthu ankasonkhana kupemphera kolona, kenako n'kudya matamale. Wogawa masiku anali Mayi Refugio, ndipo tsikulo linali la banja la Nayeli.

"Sindikukulandani tsiku lanu, Amparo," anatero Mayi Refugio. "Amayi Maria abwera ndithu. Koma Araceli akhale kuchipinda. Kubwera atsikana ang'onoang'ono kuno, aphunzirapo chiyani?"

"Ndamva, mayi," anayankha mayi a Nayeli motsitsa mawu.

Araceli, mkulu wake wa Nayeli, anali ndi pakati. Mnyamata wake anawoloka malire kupita kumpoto, n'kusintha nambala ya foni. Zaka zonse Araceli ndiye ankayambitsa nyimbo pa kolona, koma chaka chino sanapondeko ngakhale nyumba imodzi. Araceli anamva zonse ali kukhitchini komweko ndi Nayeli.

"Usakwinye nkhope, kambewa iwe," anauza Nayeli. "Ndi mimba iyi ndikhoza kutseka khomo, Amayi n'kusowa polowera. Ungondisungira matamale awiri. Ayi, atatu, ndikudyera anthu awiri."

Anaseka, koma maso ake anali ofiira. Nayeli sanali mwana woyankhulayankhula. Anangotola khoko lina.

Dzuwa litapendeka, chithunzi chinafika ndi nyimbo, makandulo ndi maluwa. Anthu anadzaza pabalaza mpaka ena kuima pakhonde. Chitseko cha kuchipinda komwe kunali Araceli chinali chotseka, ndipo aliyense ankayesetsa kuti asachiyang'ane.

"Iwe wosayankhula, pukuta galasi la chithunzichi, latola fumbi m'njira," anatero Mayi Refugio, akumupatsa Nayeli kansalu.

Nayeli anayamba kupukuta pang'onopang'ono: nyenyezi za pa chofunda, nkhope yoweramira pansi, manja opemphera. Pansi pa manjawo dzanja lake linaima. Panali lamba wakuda, womangidwa m'mwamba mwa mimba, nsonga zake zikulendewera. Anakumbukira zimene aphunzitsi a mbiri yakale ananena m'kalasi za lamba ameneyo. Iye anazilemba pamayeso, n'kuziiwala.

"Tigwade," anatero Mayi Refugio.

Onse anagwada, kupatula Nayeli. Iye anangoima chilili, kansalu kali m'manja.

"Mayi Refugio, ndili ndi funso."

"Kani kamwanaka kali ndi pakamwa?" anatero a Eusebio, ogulitsa nyama, anthu n'kuseka.

"Lamba uyu ndi wa chiyani?" Nayeli analoza pagalasi.

"Ndi chovala chawo, mwana iwe. Gwada."

"Si chovala chabe. Kwa makolo athu akale, mkazi akamanga lamba wotere m'mwamba chonchi, ankauza anthu onse kuti ndi woyembekezera. Amayiwa ali ndi pakati. Anaima chonchi pamaso pa dziko lonse, osabisala. Ndipo pomwe ankavomera mawu a mngelo anali asanalowe m'nyumba ya Yosefe. Ankadziwa zomwe anthu akananena, ankadziwa za chilango choponyedwa miyala, koma anavomera."

Mayi Refugio anavula magalasi awo.

"Ukufanizira mkulu wako ndi Virigo Woyera?"

"Ayi, mayi, sindikufanizira." Mawu ake tsopano ankamveka mpaka pakhonde. "Ndikungoti Amayiwa akudziwa kuwawa kwa kutsekeredwa chitseko uli ndi pakati. Anaziona ku Betelehemu. Ndiye ife tawalandira ndi maluwa, n'kutsekanso chitseko china m'dzina lawo?"

Kenako mayi a Nayeli anadzuka pomwe anagwada. Anadutsa pakati pa anthu, osapempha njira kwa aliyense, n'kutsegula chitseko chija.

"Tuluka, mwana wanga. M'nyumba muno ndi mwako."

Araceli anatuluka, dzanja lili pamimba, mutu uli m'mwamba. A Eusebio, amene ankaseka aja, ndiwo anayamba kudzuka n'kumukokera mpando patsogolo penipeni. Amayi awiri anasendera kuti adutse.

Mayi Refugio anavalanso magalasi, n'kuyandikira chithunzi chija. Anayang'ana lambayo nthawi yaitali.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikuwanyamula Amayiwa," anatero pomaliza, "koma ndinkangowayang'ana kumaso." Anatembenuka osayang'ana munthu. "Chabwino, nthawi yatha. Ayambitse nyimbo ndani?"

Anthu anayang'anana. Nayeli anapinda kansalu kaja, n'kukaima pambali pa mkulu wake.

"Ayambitse Araceli, monga zaka zonse," anatero. "Ndipo mawa, kunyumba kwa a Eusebio, tibwera tonse awiri. Mudzamusungire matamale atatu."