Rakele Afunafuna Nyemba za Agogo

Rakele anali mtsikana wa zaka zisanu ndi zitatu. Ankakhala m'mudzi wa m'mapiri, kufupi ndi kwa Msakambewa. Rakele ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kubzala nyemba za agogo ake.

Agogo akewo anali aNambewe. Anamwalira nthawi yozizira, anthu atangomaliza kukolola. Anali aafupi, koma mawu awo ankamveka mpaka kutsidya kwa mtsinje. Akaitana nkhuku zawo, ngakhale nkhuku za eni zinkabwera. Ankayenda mofulumira. Ankalima mofulumira. Kukalipa nakonso, ankakalipa mofulumira. Ana awo anali asanu ndi mmodzi. Nanga adzukulu, angawerenge ndani? Onsewo anakulira pamsana pawo.

Rakele ankawasowa agogo ake. M'mawa ankawasowa. Madzulo ankawasowa. Akapita kumunda, ndiye ankawasowa kwambiri.

Agogo anali ndi nyemba zawozawo. Zinali zofiira, za mawanga oyera ngati a nkhanga. Nyembazo anawapatsa ndi amayi awo. Amayi awowo anapatsidwanso ndi amayi awo. Chaka chilichonse agogo ankasankha nyemba zabwino. Ankazisakaniza ndi phulusa kuti zisafumbwe. Ankazithira m'kamtsuko. Kenako ankamata pakamwa pa kamtsukoko ndi dothi. Imeneyo inali mbewu, ndipo mbewu sadya.

Tsopano kunja kunatentha. Nyenje zinkalira m'mitengo. Anthu anali atamaliza kuunga mizere. Mitambo inayamba kusonkhana pamwamba pa mapiri.

Rakele anapita kukatenga kamtsuko ka agogo. Anakapeza kuseri kwa nkhokwe. Kanali kotsegula. Anapisamo dzanja. Munali phulusa lokhalokha.

Rakele anathamangira kwa amayi ake, a Susana. Anawapeza akupeta mphale pabwalo.

"Amayi, nyemba za agogo zili kuti?"

Amayi anaika lichero pansi. Kenako anamuuza zonse. Pa maliro a agogo panabwera anthu ambirimbiri. Ena anachokera kwa Malomo. Ena anachokera ku Mvera. Ena anatsika m'mapiri, anthu oti amayi sanawaonepo. Tsiku lachiwiri ndiwo zinatha. Amayi ophika anabwera kudzafunsa. Amayi ake a Rakele anali atalira mpaka mutu kuima. Anangowauza kuti atenge chilichonse chimene apeze m'nyumba. Ophikawo anapeza kamtsuko kaja. Anatsuka phulusa, nyemba n'kulowa mumphika.

"Ndiye kuti nanenso ndinadya nawo?" anafunsa Rakele.

"Tonse tinadya, mwana wanga. Wolakwa ndine."

Amayi anapukuta m'maso ndi nsalu yawo. Anati madzi akatayika sawoleka. Anatinso alangizi abweretsa mbewu ina, yabwinonso.

Mbewu ya alangizi inali yabwino, inde. Koma sinali ya agogo. Mvula ikagwa nyembazo osabzalidwa, ndiye kuti zatha. Sizidzaonekanso m'munda wawo. Mtima wa Rakele unawawa.

M'mawa mwake Rakele anaganiza. Agogo sankamana. Mwina anapatsako munthu wina nyembazo. Paja safunsa anadya phula. Rakele anati akafunsa.

Anayamba kwa amayi ake aang'ono, a Agnesi. Iwowa ankakhala kutsidya kwa mtsinje. Rakele anawoloka pamiyala. Anafika, naodira.

"Amayi aang'ono, kodi muli ndi nyemba za agogo?"

A Agnesi anati zilipo. Analowa m'nyumba mokondwa. Anatuluka ndi kadengu, nkhope itagwa. Nyemba zonse zinali zobowokabowoka. Anankafumbwe ankayendayenda pamwamba, okhuta bwinobwino. A Agnesi anali ataiwala kuthira phulusa.

"Agogo ako akanaona izi, khutu langali likanasololoka," anatero a Agnesi.

Kenako anamuuza nkhani. Agogo ali mtsikana, anawatumiza kusukulu ku Mvera. Anakhalako miyezi iwiri yokha. Tsiku lina mvula yoyamba inagwa. Agogo ananunkhiza dothi lonyowa. Anasiya sileti pansi, ulendo wa kwawo. Anayenda tsiku lonse wapansi. Atafika, sanapemphe madzi akumwa. Anapempha khasu. Kusukulu anaphunzirako kulemba dzina lawo basi. Koma dzinalo ankalilemba ndi zilembo zikuluzikulu.

Rakele anaseka. Chimwalirireni agogo anali asanasekepo chonchi. Koma anabwerera kwawo chimanjamanja.

Loweruka amayi ananyamuka ulendo wa kuchigayo kwa Msakambewa. Anamanga khadi la chipani pansonga ya nsalu. Masiku amenewo, wopanda khadi sankalowa mumsika. Rakele anawatsatira pambuyo. Mitambo inali itada kuposa dzulo.

Pafupi ndi chigayo panali sitolo ya a Hassani. Akazi awo, amake Husseni, ankagwirizana kwambiri ndi agogo. Rakele anaima pakhomo. Anapereka moni mwaulemu.

"Amayi, kodi muli ndi nyemba za agogo?"

Amake Husseni anamugwira paphewa. Anamuuza kuti agogo ake anali azamba. Tsiku limene Husseni ankabadwa, mtsinje unadzaza. Amuna ankangoima m'mbali, akuyang'ana madzi. Agogo anamanga nsalu yawo zolimba. Analowa m'madzi ofika pachifuwa, nawoloka. Anafika akunjenjemera, koma akukalipa kuti madzi otentha achedwa. Mwana atabadwa, agogo anabweranso ndi mbale ya nyemba. Chaka chilichonse ankabwera nazo.

"Koma ife tilibe munda, mwana wanga. Tinkangophika."

Rakele anazyolika. Amake Husseni anaganiza pang'ono. Kenako anakumbukira. Mwezi watha anaona nyemba zotero. Zinali zofiira, za mawanga oyera. Anaziona zitayanikidwa pakhomo pa aNangondo.

Amayi ake a Rakele, amene anaima pambali pake, anagwira pakamwa.

ANangondo anali gogo wa m'mudzi momwemo. Munda wawo unachita malire ndi munda wa agogo. Kalekale, Rakele asanabadwe, mbuzi za aNangondo zinalowa m'munda wa agogo. Zinadya nyemba. Agogo anakalipa. ANangondo nawonso anakalipa. Mbuzizo zinakalamba, zinafa, anthu n'kuziiwala. Koma agogo awiriwa sanapatsanenso moni. Akakumana kuchitsime, wina ankayang'ana kum'mawa, wina kumadzulo. Pa maliro paja aNangondo anabwera, koma anakhala patali, pansi pa mtengo wa mango.

"Kumeneko ine miyendo yanga singafike," anatero amayi ali m'njira.

Rakele naye ankaopa. Ana onse ankawaopa aNangondo. Ankati gogo ameneyo saseka. Koma kuseri kwa mapiri mabingu anali atayamba kugunda.

Mawa lake, atachoka kutchalitchi, Rakele anapita yekha. Anayenda pang'ono, naima. Anayendanso pang'ono, naimanso. Kenako anafika.

ANangondo anali pakhonde, akuswa mtedza. Rakele anagwada chapatali.

"Odi, agogo."

ANangondo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe si mdzukulu wa wolongolola uja?"

"Ndine, agogo."

"Ukufuna chiyani?"

Mawu a Rakele anatuluka aang'onoang'ono. "Agogo, kodi muli ndi nyemba za agogo anga?"

ANangondo anaweramira mtedza wawo. Anaswa mtedza umodzi. Anaswanso wina. Rakele anafotokoza za maliro. Anafotokoza za kamtsuko kopanda kanthu. Anafotokozanso za anankafumbwe a kwa a Agnesi. Apo aNangondo anadzuma.

Anatenga ndodo yawo, nalowa m'nyumba. Anachedwamo. Atatuluka, ananyamula kamtsuko. Kanali komata ndi dothi pakamwa. Anagogoda dothilo ndi mwala. Anapungulira pang'ono palichero, nauzira phulusa.

Zinali zofiira. Zinali za mawanga oyera. Zinali nyemba za agogo.

Rakele anazigwira ndi chala chimodzi. Misozi inalengeza m'maso mwake.

"Munazitenga kuti, agogo?"

"Khala apa," anatero aNangondo. Anamusendera pamphasa.

Anamuuza za chaka chimene amuna awo anamwalira. Chaka chimenecho iwo anadwala. M'munda mwawo munamera udzu wokhawokha. Nthawi yokolola nyemba inafika. ANambewe anakolola munda wawo wonse. Koma anasiya mzere umodzi, wa m'malire. ANangondo anaganiza kuti aiwala. Tsiku linapita. Sabata inapita. Mzere uja unali pomwepo, nyemba zili zouma.

"Tsiku lina ndili m'munda mwanga, agogo ako anabwera. Anandipatsa nkhongo. Anayang'ana kuphiri. Ndiye anakuwa, muja ankakuwiramu. Anati, 'Mzere uwu ine ndatopa nawo. Mbalame zidye!' Atatero anapita."

"Ndiye mbalame zinadya?" anafunsa Rakele.

"Mbalame yake ndi ino ukuionayi."

ANangondo anati chaka chotsatira zinachitikanso. Chaka chinacho zinachitikanso. Zaka khumi ndi chimodzi, mzere wa m'malire unkatsala. Zaka khumi ndi chimodzi, aNambewe ankakalipira phiri. Ndipo zaka zonsezo moni sanapatsane.

"Zikomo sindinanene," anatero aNangondo. "Ndinkangoti ndinena mawa."

Anatembenukira kumbali. Anati utsi wawalowa m'maso. Koma pakhondepo panalibe moto. Rakele anawamvera chisoni. Mantha onse anatha. Anasendera pafupi, nayamba kuwathandiza kuswa mtedza. Anaswa limodzi mpaka mtedza unatha.

Potsanzikana, aNangondo anamusenzetsa kamtsuko konse. Rakele anati asiyeko zina. ANangondo anakana. Anati msana wawo sulolanso khasu. Anati nyembazo zibwerere kwawo. Akuluakulu sananame, kupatsa n'kuika.

Rakele anayenda pang'onopang'ono, manja onse awiri ali pakamtsuko. Amayi ataona nyembazo, anakhala pansi. Analira, kenako anaseka, kenako analiranso. Madzulo omwewo anapana nkhuku kukhwapa. Miyendo ija inkakana ija inafika kwa aNangondo.

Patapita masiku atatu, mvula inagwa. Inagwa yambiri. Dothi linanunkhira. M'mawa banja lonse linapita kumunda wa agogo. Bambo ake a Rakele anali kumigodi ku Joni. Choncho makasu anagwira ndi amayi ndi ana. A Agnesi anabwera. Ana awo anabwera. Adzukulu ena anabweranso, mpaka munda unadzaza.

ANangondo nawo anabwera ndi ndodo yawo. Anakhala pachulu, m'malire mwa minda iwiri ija. Sanachedwe kuyamba.

"Ziwiriziwiri! Pakati pa mapando a chimanga! Iwe Agnesi, ukukwirira kwambiri. Ukufuna zikamere kwa Malomo?"

A Agnesi ananong'oneza amayi ake a Rakele kuti wolongolola wina wapezeka. Onse anaseka chamumtima, mitu ili pansi.

Anabzala mzere woyamba. Anabzala wachiwiri. Anabzala, anabzala, mpaka dzuwa linakwera. Pobzalapo aliyense ankanena zimene ankakumbukira. Wina anati agogo anamuchotsa minga kuphazi. Wina anati agogo anamukwapula ataba dzira, kenako anamuwiritsira awiri. Rakele ankamvetsera zonse. Ankaona ngati agogo ali pomwepo, kumapeto kwa mzere.

Atafika pa mzere wa m'malire, kamtsuko kanali katatha. Amayi anakagwedeza. Munangotuluka phulusa.

"Uwu utsale," anatero amayi. "Tidzabzala chaka chamawa."

"Ayi, amayi. Uwu ndibzala ndine."

Rakele anamasula nsonga ya kansalu kake. Anali atasungamo nyemba zodzaza dzanja. Anawerama. Anabzala ziwiri, nakwirira. Anabzala ziwiri, nakwirira. Anafika kumapeto, pafupi ndi chulu.

Kenako Rakele anaimirira. Anawapatsa nkhongo aNangondo. Anayang'ana kuphiri. Anagwira m'chiuno, nakuwa ndi mawu ake onse.

"Mzere uwu ine ndatopa nawo kale. Nyemba zikadzauma, mbalame zidzadye!"

Onse anaimika makasu. Kenako panamveka kuseka. Anali aNangondo, gogo wosaseka uja. Anaseka mpaka ndodo inagwa. Anaseka mpaka misozi inatsika m'masaya. Amayi anaseka. A Agnesi anaseka. Ana onse anaseka.

Rakele anatola ndodo ija, nawapatsa ndi manja awiri. ANangondo anamukokera pamiyendo pawo. Anamupukuta matope pachipumi. Kenako anayang'ana mzere wonyowa uja kwa nthawi yaitali.

"Zikomo, aNambewe," anatero.