Matiresi Odzera pa Dedza

Mutu wa Thandie unali utalukidwa mbali imodzi yokha pamene foni inalira. Jemima anali atamupana mwanayo pakati pa mawondo, chipeso atachiluma kukamwa, dzuwa likupendeka kuseri kwa nyumba za lendi za ku Chipasula. Oyimbawo anali alamu ake, a Laws, amene anabwera ndi pikapu kuchokera ku Joni kudzamutenga iye ndi ana awiri kuti akakhale ndi bambo awo kumeneko. Ulendo anapangana kuti ukhala sabata yamawa. Koma tsopano a Laws ankati abwana awo akuwafuna msanga, amakaniko a ku Biwi amaliza galimoto mawa, ndiye anyamuka mkuja m'bandakucha, kudzera pa Dedza. Jemima asanalavule n'komwe chipeso, foni inaduka.

Pa Dedza! Ndiye kuti Tete, Nyamapanda, kudula Zimbabwe yense mpaka Beitbridge. Umenewu unali Disembala wa 2008, wailesi ikungolengeza za kolera wa kumeneko m'mawa ndi madzulo, mafuta kulibe, buledi kulibe. Tiyese, wamng'onoyo, anali atangochira kumene kutsegula m'mimba, miyendo ikadali ngati mapesi. Mwana wotero ukamumwetse madzi a pa boda pomwe anthu amagona pamzere? Njira ina inalipo: kutulukira pa Mchinji, kudzera Lusaka, kuwoloka Zambezi pa pantuni ya Kazungula, n'kutsetsereka ndi Botswana. Yotalika, inde. Koma mwana safa ndi kutalika kwa msewu.

Anamuveka Thandie duku kuti asaseketse anthu ndi mutu wathekawo, n'kugogoda pakhomo loyandikana ndi lake. A Lena, mayi wamasiye amene Jemima anawapeza pa poloti imeneyi pobwera, anavomera kukhala ndi ana kuti iye athamangire kugalaja ku Biwi. Anali neba wabwino. Ndi omwenso anamugulitsa matiresi oti ana azikagonapo kumbuyo kwa pikapu, matiresi olimba a maluwa abuluu, opserera ndi ayironi pakona imodzi. Jemima anali atawapinda kale, kuwamanga ndi linya wofiira n'kuwaimika kuseri kwa chitseko.

Kugalaja nkhani inatenga nthawi. A Laws anajambula mapu pansi ndi sipanala, kusonyeza kuti njira ya Dedza ndi yowongoka ngati ndodo pamene ya Mchinji ndi uta. Anati zigubu za mafuta ali nazo, anati iwo adutsamo kangapo osadwala ngakhale chimfine, anati mzimayi woti sanapitirirepo pa Bunda Turn-off sangaphunzitse dalaivala msewu. Amakaniko ankaseka pansi pa galimoto. Jemima anangokhala pa tayala, n'kumanga chitenje bwinobwino.

"Alamu, msewu sindiudziwa, n'zoona. Koma mwana wotsegula m'mimba ndimamudziwa. Mukafuna pa Dedza nyamukani nokha, mukawauze akulu anu kuti mwabweretsa mapoto, ana mwawasiya."

A Laws anayang'ana kumwamba, anayang'ana amakaniko, kenako anafufuta mapu aja ndi nsapato. Anati chabwino, Mchinji, koma munthu asadzadandaule msana panjira. Pomwe ankagonja choncho n'kuti mdima utagwa kalekale, maminibasi atatha, pikapu ili pa jeke yopanda matayala akutsogolo. Anamuuza kuti agone kwa msuweni wawo ku Biwi komweko. Jemima anakana. Ana anali kwa eni, katundu wosamanga anali mbwee, ndipo mutu wa Thandie unkamudikira.

Magetsi anali atazima dera lonse. Mvula inkawaza pang'onopang'ono, ija yosanyowetsa msanga koma yolowa m'mafupa. Jemima anasiya msewu waukulu n'kutenga njira yachidule yodzera m'madimba, yomwe imawoloka khwawa pa kamlatho ka matabwa n'kukwera m'mbali mwa manda. Masana ankaidutsa osaganizako kawiri. Usiku umenewu ankawerenga m'mutu zoti achite mawa: kuwiritsa madzi odzaza zigubu, kukazinga mtedza, kukatsanzika kumpingo. Mantha analibe nawo nthawi.

Atayandikira kamlatho anaona munthu patsogolo pake.

Anali bambo wamtali, atavala ovolosi, akuyenda mosathamanga. Pamutu anasenza chinthu chachikulu chopindidwa. Mphezi inang'anima chakutali, ndipo Jemima anaona bwinobwino: maluwa abuluu, linya wofiira, kona yopserera.

Matiresi ake!

Ndiye kuti iye akukangana ndi alamu, wina walowa m'nyumba, a Lena ali mtulo, n'kunyamula pogona pa ana ake? Anatola mwala n'kuwonjezera liwiro.

"Bambo inu! Matiresi amenewo mwawatenga kuti?"

Bamboyo sanathawe, sanacheukenso. Anangofunsa ndi mawu otsika, aulemu, ngati munthu wofunsa nthawi pa siteji.

"Mudzera pati, mayi?"

Jemima anati asamupusitse, funso wafunsa ndi iye. Anati awatule pomwepo asanakuwe, anthu a kuno wakuba samupititsa kupolisi. Ankalankhula uku akumulondola, mpaka onse awiri anakwera pa kamlatho. Matabwa analira pansi pa mapazi a Jemima, phwa, phwa, phwa. Anamvetsera. Pansi pa mapazi a bamboyo, munthu wamkulu wosenza katundu, matabwa anali zii.

Jemima anachepetsa liwiro.

"Pa Mchinji sindikudziwako," anatero bamboyo. "Ine ndinadzera pa Dedza."

Za Mchinji anamuuza ndani? Pagalaja paja panalibe munthu wamtali chotere. Mwala uja unayamba kulemera m'dzanja. Achule amene ankasokosa m'dimba anali atasiya onse nthawi imodzi. Kunkamveka mvula yokha, ndi fungo... fungo la dizilo, la fumbi la msewu wautali, ndi lina lapansi pake limene Jemima analidziwa kuchokera m'nyumba za siwa.

Njira inayamba kukwera. Kumanzere kunali chimanga chofika m'mawondo. Kumanja mitanda.

Kubwerera kunali kutali. Kutsogolo kunali iyeyo. Ana anali kutsogolonso. Jemima anapitiriza.

"Anandilemba kuti katundu," mawu aja anapitiriza. "Pachipata palibe ananditchula dzina. Theka ndinafika. Theka ndikadali pamzere."

Apa m'pamene Jemima anazindikira. Mawuwo sankachokera pakamwa pa bamboyo. Ankachokera pamwamba. M'kati mwa matiresi.

Mphezi inang'animanso.

Kumapeto kwa mpukutuwo kunatulukira mapazi awiri... otuwa... zala zazikulu zitamangidwa pamodzi ndi kansalu. Ankagwedera pang'onopang'ono potsata mayendedwe a wosenzayo.

Mwala unagwa. Jemima anafuna kutchula dzina la Yesu, koma pakamwa panangotuluka mpweya.

Bamboyo anaima pomwe njira imapatukira kumanda. Sanatembenuke.

"Mwanditenga kale, mayi. Ndili kuseri kwa chitseko chanu. Dzerani pa Dedza. Mukafika pageti la boda mukangonena kuti, Leston, tafika kwanu. Basi. Mukadzera kwina ndisochera... ndipo ndikasochera ndi ana anu atandigonera."

Jemima anaganiza za mzere wa pa Beitbridge. Anaganiza za Tiyese, maso atalowa m'kati, khungu likatsinidwa osabwerera. Usiku umene anachezera naye kuchipatala unali woopsa kuposa uno.

"Pepani bambo," anatero, mawu akutuluka ngati a munthu wina. "Mavuto anu ndawamva. Koma inu munafa kale, ana anga ndi amoyo. Ndidzera pa Mchinji."



Kenako linya uja analira, ngati wina akudzitambasula m'katimo. Jemima sanadikire. Anakweza chitenje n'kudutsa pambali pake, phewa lake n'kukhudza ovolosi ija. Inali yozizira ngati chitsulo cha pa mjigo m'mwezi wa Juni. Anathamanga. Patapata imodzi inatsala m'matope. Sanaibwerere.

Kunyumba anapeza a Lena akusinza pampando, koloboyi ikuthima, ana ali mtulo pamphasa. Jemima sanapereke moni. Anakankha chitseko n'kuyang'ana kuseri kwake. Matiresi anali pomwe anawasiya, omangidwa bwinobwino ndi mfundo yake yomwe. Anawakhudza. Anali onyowa ndi mvula, ndipo pansi pake panali matope ofiira a njira ya kumanda.

"A neba," anatero akupumira m'mwamba, "Leston ndi ndani?"

A Lena anadzuka ngati awathira madzi. Anayang'ana Jemima, anayang'ana matiresi, kenako anakhala pansi penipeni, miyendo tambalale. Ananena motsitsa kuti ana asamve. Leston anali mwamuna wawo. Anamwalira ku Joni mu 2003, Jemima asanabwere pa poloti ino. Kubweretsa bokosi mwa dongosolo kunawakanika achibale, ndiye dalaivala wina wonyamula katundu anavomera kumukulunga m'matiresi atsopano amene malemuwo anagula kuti atumize kunyumba, n'kumumangirira pa ngolo pakati pa mafiriji ndi njinga. Akuluakulu amati maliro akamayenda uziwauza pa mtsinje uliwonse ndi pa malire aliwonse kuti tsopano tili pakuti, kuti mzimu usatsalire. Koma pa Dedza, a boda ataima pomwepo ndi tochi, ndani akanatsegula pakamwa kulankhula ndi matiresi?

"Ali pamanda omwe mwadutsawo," anatero a Lena. "Matiresiwo ndinawachapa, a neba. Ndinawachapa ndithu."

Jemima anakumbatira mpukutu uja, ngakhale thupi lonse linkakana, n'kuukokera panja mpaka pakhomo la a Lena. Unkalemera kuposa tsiku lomwe anaugula. Anautsamiritsa kukhoma n'kupukuta manja.

"A neba, Dedza si Joni. Minibasi imapita m'mawa, masana yabwerako. Mwamuna ndi wanu, dzina mukulidziwa, kamuitaneni nokha. Anga akagona pa mabulangete."

Anabwerera m'nyumba, anakhoma chitseko, anathira parafini mu koloboyi. Tulo panalibe, ndipo mawa linali ndi ntchito zake. Anamudzutsa Thandie, anamuvula duku n'kumukhazika pakati pa mawondo. Mzere woyamba unakhota, anaumasula n'kuyambiranso. Kunja, kuseri kwa khoma, china chake chinakhwekhwereza n'kukhala chete.

"Amayi," anatero Thandie ndi mawu atulo, osatsegula maso, "tidzera pati?"

Chipeso chinaima m'malere. Jemima anamuyang'anitsitsa mwanayo pankhope, kenako anamugwira pachipumi. Panali pofunda.

"Pa Mchinji," anatero. "Weramitsa mutu, mbali inayi ikadali yonse."